Bedi Limene Ndinakana Kumasula

Chinali chaka cha 1936, ndipo ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Mwandiitana kuti ndilankhule, ndiye khalani chete ndilankhule. Sindibwereza. Ambiri a inu ndimakuonani Loweruka mukukankha njinga zitasenza mipando yakale ndi matiresi ogula kwa anthu osamuka, mano ali panja ngati mwatola chuma. Njira imeneyo ndinaiyenda inu musanabadwe. Mverani kumene inandifikitsa.

Ndine Mbewe, kalipentala. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3 ku mishoni, ndipo komweko ndinaphunzira matabwa zaka zinayi. Dzanja ndinali nalo. Chitseko chimene ndinapachika ine sichinalirepo, funsani aliyense. Chimene chinandigwetsa si dzanja ayi. Ndi matama.

Masiku amenewo tauni ino inkatchedwa Foti Jemusoni, koma ife tinkangoti ku Boma. Fodya anali atagwa mtengo, ndipo azungu ambiri a m'mafamu ankalongedza kubwerera kwawo. Katundu wolemera sankanyamula. Ankamutulutsa pakhonde, munthu n'kuima pabokosi n'kumakuwa mtengo. Amwenye a masitolo ankatenga zabwino, makalaliki ankatenga zotsatira, ife tinkadikira zotsala.

Ndinali ndi mkazi, Nabanda, wa kumudzi cha ku Lutembwe, ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu, Lusiya. Chikamwini ndinachita zaka ziwiri, kenaka ndinapempha chitengwa kuti ndibwere nawo kuno ku komboni, cha kumene mukuti Kapata lero. Mlongo wake wa Nabanda, alamu anga a Gabriyele, anavomera ndi nkhope yowawa. Anati, "Alamu, iyi ndi mbumba yanga. Mukaisunga bwino, ndi yanu. Mukalephera, ndibwera ndi ngolo." Ndinaseka. Munthu wolima mtedza azindiopseza ine ndi ngolo?

Nyumba yathu inali ya zidina, ya udzu, zipinda ziwiri. Chipinda chogona chinali ndi zenera limodzi, laling'ono ngati lichero. Tinkagona pamphasa, ndipo palibe amene ankadwala.

Tsiku lina kunali malonda pa famu ina yomwe mwini wake anali atamwalira. Ndinagulitsa mbuzi zanga zitatu n'kupita ndi ndalamazo. Pazotsala panali bedi la mbawa lokhala ndi maluwa osema kumutu, matiresi ake, kabati yaitali ya zovala yokhala ndi galasi, kabedi kamwana koyera, ndi chitini cha penti yoyera chotsala theka. Ndinatenga zonse. Ndikumanga katunduyo pangolo ya hayala, panabwera mdala wina wovala epuloni, a Sakala, amene anali khukhi wa panyumbapo.

"Mwana wanga, matabwawo tenga, koma matiresiwo asiye. Bwana watsokomolera pamenepo chaka ndi theka mpaka anafera pomwepo. Dona anati awotchedwe. Kapitawo ndiye anawabisa kuti agulitse."

"Ndamva, madala."

"Sunamve. Bedilonso ukalimasule. Muli nsikidzi."

"Nsikidzi kwa mzungu?"

Mdalayo anandiyang'ana ngati wandipeza ndikudya dothi. "Ukuganiza kuti Loweruka lililonse ndinkawiritsa madzi a chiyani? Tiyi?"

Ndinamuyankha mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Ndinati, "Madala, inu mumadziwa mapoto. Za matabwa tisiyireni ife."

Nditafika kunyumba, Nabanda anazungulira ngolo kamodzi, n'kununkhiza matiresi.

"Bambo a Lusiya, mwini wake ali kuti?"

"Anapita."

"Kwawo, kapena kumanda?"

Ndinayamba kumasula zingwe za katundu. Iye anati, "Kwathu mphasa ya maliro sitigonera. Imapita ndi mwini wake, kapena imapsa."

"Iyi si mphasa, ndi matiresi. Ndiponso ife ndife akhristu, za kumudzi tinasiya."

"Chifuwa chimafunsa za ubatizo?"

Ndinamuuza kuti akaphike.

Tsono mverani zimene kalipentala wophunzira ku mishoni anachita. Anatiphunzitsa bwinobwino kuti chinthu chakale umayamba wachimasula, uone m'kati, ukonze, ndiye upake. Ndinkazidziwa. Koma linali Lachinayi, ndipo ndinkafuna kuti pofika Lamlungu anthu potuluka ku tchalitchi adzaone. Bedi silinkalowa pakhomo. M'malo moti ndimasule bedi, ndinazula felemu ya chitseko. Ming'alu yonse ndinaitseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Kabedi kamwana penti yake inali kukanganuka, ine ndinangopaka ina pamwamba. Kabati inali yaitali kuposa mtanda wa denga, ndiye ndinakumba pansi kuti miyendo yake ilowe m'dothi. Khoma lokhalo limene inakwana linali la zenera. Ndinatseka zeneralo ndi kabati, n'kunena kuti galasi ndi lokongola kuposa bowo.

Mukuseka kumbuyoko. Sekani. Ena mwa inu zenera mwatseka ndi kabati ya mbale, ndinalowamo m'nyumba zanu.

Lamlungu anthu anabweradi. Akazi ankadziyang'ana pagalasi mosinthana. Aphunzitsi anakhala pamphepete pa bedi n'kudzinjanjitsa. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala Bwana Mbewe. Ndinaletsa Nabanda kuzira pansi m'chipindamo, poopa kuti dothi lidetsa mbawa. Ndinamuletsa kutulutsa matiresi padzuwa, poopa kuti nkhuku zikwerapo. Ndipo ndinaona kuti kupala matabwa atsopano n'kutaya nthawi. Ndinayamba kuyendera malonda a m'mafamu, kugula zakale, kutseka ming'alu, kupaka penti, kugulitsa. Mpando umalowa Lolemba, Lachitatu watuluka ukuwala. M'kati sindinkayang'anamo.

Zotsatirazo ndizinena mwachangu, chifukwa sindizikonda.

Tinayamba kudzuka ndi zotupa. Ndinati ndi udzudzu. Itatha nyengo ya udzudzu ndinati abale a Nabanda ndiwo amabwera nazo m'nsalu zawo, ndipo ndinawaletsa kugona kwathu. Mvula itabwera, madzi ankakwera m'maenje ndinakumba aja, chipinda n'kumanunkha ngati nkhokwe yovunda. Ndinati ndi fungo la mbawa.

Mu 1937 kunabadwa mwana wamwamuna, Petulo. Ndinalamula kuti azigona m'kabedi koyera, osati ndi amake. Atayamba kumera mano ankaimirira n'kumaluma thabwa la m'mbali. Nabanda anandiuza kuti mwana akudya penti. Ndinati mwana wa dona analuma pomwepo ndipo anakula. Petulo anayamba kukana kudya, kusanza, kulira kosatonthozeka. Kenaka kukomoka, thupi lonse likugwedezeka. Anamwalira kumayambiriro kwa 1939, mvula ili pakati. Anali ndi chaka ndi theka.

Patapita zaka zambiri ndi pamene ndinadzamva kuti penti yoyera ya masiku amenewo inali ndi mtovu, ndipo mtovu umapha ana pang'onopang'ono. Kaya ndi umene unamupha, kaya ndi chinyontho, kaya malungo, sindine dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinauzidwa, ndipo sindinamve.

Panthawiyo ndinati andilodza. Ndinaloza kalipentala mnzanga wa tsidya la mtsinje kuti ndi nsanje. Ndinayamba kachasu. Poyamba madzulo okha, kenaka ndi m'mawa womwe. Anthu anayamba kubweza mipando. Akazi a aphunzitsi anabwera nawo wawo pamutu, n'kuuponya pabwalo, amvekere, "Tinagula mpando, simunatiuze kuti uli ndi eni ake." Ndinawatukwana. Puleni yanga yopalira matabwa inapita ku kachasu. Macheka anatsatira, kenaka tchizulo ndi sikweya. Ndinatsala ndi hamala yokha, chifukwa palibe amene anaifuna, mpini wake unali wong'aluka. Koma bedi, kabati ndi kabedi sindinagulitse. Ndinkakhala mumdimamo masana, ndili chiledzerere, n'kumadziuza kuti m'komboni monse palibe wina wogona pa mbawa.

Mu 1940 Lusiya anayamba kutsokomola. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinali nditalamula kuti azigona kumiyendo kwa bedi, chifukwa mwana wa Bwana Mbewe sagona pansi. Chifuwacho chinakhala miyezi. Nabanda anamutengera ku chipatala osandiuza, ndipo wothandiza adokotala anamufunsa funso limodzi: kodi kumene mwanayu amagona kumalowa dzuwa? Atabwerako anagwada pakhomo la chipinda.

"Bambo a Lusiya, sunthani kabatiyi. Mwana akufuna mpweya."

"Kabati ili pamalo pake."

"Ndaika mmodzi. Wachiwiri sindiika."

"Ukufuna kunena kuti ndinapha mwana ndine?"

Nabanda anadzuka, n'kukatuma uthenga kumudzi.

Apa ndiye ndichedwapo, chifukwa ndi pamene moyo wanga unathyokera n'kulunzikanso.

Unali mwezi wa Okotobala, dzuwa lili paliwombo, kotentha koti nkhuku zinali kukamwa yasa. Ndinamva ng'ombe panja. Nditasuzumira ndinaona ngolo, ndi a Gabriyele atavula chipewa. Sanakalipe. Anapereka moni wonse mwaulemu, kufunsa za ntchito, ngati kuti sakuona kuti ndikudzandira. Kenaka anati, "Alamu, ndabwerera mbumba yanga. Katundu sitifuna. Mphasa ndi miphika basi."

Anthu anali atayamba kusonkhana. M'komboni ngolo siima pakhomo anthu osadziwa.

Ndinati, "Mwana achoke pa bedi la mbawa akagone pansi ngati galu?"

"Bedilo ndimangolimva mbiri. Ndinalowamo kamodzi m'chipinda chanucho, maso anga sanaone kanthu. Litulutseni, alamu, tilione tonse. Ngati ndi labwino, ngolo ibwerera yopanda kanthu."

Munthu wolima mtedza uja anandidziwa pondigwira. Ndinati ndiwaonetsa anthu a kumudziwa chimene chimatchedwa bedi. Ndinalowa, ndinakoka matiresi n'kuwaponya pabwalo. Bedi linakana kutuluka pakhomo, monga linakanira kulowa. Zozula felemu ndinalibe. Ndinatenga hamala yanga ya mpini wong'aluka, n'kumenya molumikizira thabwa la m'mbali ndi la kumutu. Kamodzi, kawiri. Guluu wakale analekerera. Ndinatuluka nalo thabwalo ndili chinyamulire m'mwamba ngati mbendera, n'kuliika pansi pamaso pa anthu.

Bowo la molumikiziramo linali lakuda, lodzaza mpaka pakamwa. Ndinaganiza kuti ndi utuchi wanga uja. Kenaka utuchiwo unayamba kuyenda.

Nsikidzi zinatuluka ngati nyerere zosamuka. Zazikulu zofiirira, zazing'ono zoyera ngati mapira, zikuthawa dzuwa, zikukwera hamala, zikukwera dzanja langa. Nkhuku zinaiwala kutentha n'kuthamangira. Anthu anabwerera m'mbuyo. Mayi wina amene ndinamugulitsa mpando anati, "Kani kwawo ndi kuno. Ife kwathu timangosunga alendo."

Ena anaseka. A Gabriyele sanaseke. Anatembenuza matiresi ndi ndodo yokusira ng'ombe. Kunsi kwake kunali kobiriwira ndi chuku, nsalu inangong'ambika yokha, ubweya wa m'kati uli phala. Cha kumutu kunali banga lalikulu lakale, lofiirira, limene silinali lathu. Fungo linafika mpaka kwa amene anaima kumsewu. Zaka zinayi ndinagoneka banja langa pamenepo.

Ndikanatha kunena kuti ndi ufiti. Mawuwo anali kale pakamwa. Koma Nabanda analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabedi koyera, kamene ndinkakasunga pakona nditakafunditsa nsalu. Anakaika patsogolo panga. Sanakaponye. Analoza thabwa la m'mbali. Padzuwa zinkaoneka bwino: timabowo ting'onoting'ono m'mizere, tiwiri pamwamba, tiwiri pansi, thabwa lonse kuchokera uku mpaka uku. Penti yanga inali itadyedwa, ya dona itadyedwa, mpaka kufika pa mtengo.

"Mano a Petulo awa," anatero. "Ndinakuuzani katatu."



Ndinakweza maso. Lusiya anali atamukweza kale pangolo. Ndinali ndisanamuone padzuwa miyezi yambiri, chifukwa masana ndinkakhala mumdima kapena ku kachasu. Manja ake anali ngati bango, odzaza zipsera kuyambira paphewa mpaka ku zala. Ankatsinzina, kuwala kukumupweteka. Anatsokomola, n'kubisa pakamwa ndi nsalu kuti ndisakwiye, chifukwa ndinkamukalipira akatsokomola. Kubisa kumeneko ndiko kunandimaliza.

A Gabriyele anavala chipewa. "Alamu, sindikukulandani mkazi. Nyumba iyi ikadzakhala ya anthu, mutume uthenga."

Ngolo inapita. Anthu anabalalika. Ine ndinakhala pansi pakati pa bwalo, hamala ili m'manja, nkhuku zikundizungulira.

Dzuwa litapendeka ndinamva chidebe chikulira. Anali a Sakala, khukhi uja. Ntchito itatha pa famu anadzakhala m'komboni momwemo, ankaphika mabanzi ogulitsa pamsika. Zaka zinayi ndinkawalambalala. Anaika chidebe pansi, n'kuyang'ana thabwa, matiresi, ndi ine.

"Za matabwa sindidziwa," anatero. "Ndimadziwa mapoto. Koleza moto."

Ndinakoleza.

Tsono kuyambira pano mverani ngati anthu ofuna kuphunzira, chifukwa ndi zimene ndachita zaka zonse kuchokera tsiku limenelo, ndipo palibe amene anabwezanso mpando wanga.

Matiresi tinawotcha tsiku lomwelo, kutali ndi nyumba. Chinthu chofewa cha munthu amene simukumudziwa musalowe nacho m'nyumba. Matiresi, pilo, khushoni ya mpando, zonsezo zimamwa thukuta ndi matenda a mwini wake, ndipo simungazichape m'kati. Makolo athu powotcha mphasa ya maliro sanali opusa. Wopusa ndinali ine wa Sitandade 3. Kabedi koyera ndinakawotcha ndekha. Thabwa la mano lokha ndinalichotsa, lilipo mpaka lero, lokulungidwa, pamwamba pomwe mwana sangafike.

Bedi tinalimasula lonse, thabwa lililonse palokha. A Sakala ankawiritsa madzi, ine ndinkathira m'bowo lililonse, madzi akubwadamuka, osati ofunda. Utuchi ndi guluu zimene ndinatsekera ming'alu ndinazikolokosa ndi msomali. Kenaka padzuwa, pamwamba pa miyala, masiku khumi, kutembenuza m'mawa ndi masana. Tsiku la khumi tinathiranso madzi owira, chifukwa mazira safa onse ulendo woyamba. Nsikidzi ili ndi chipiriro kuposa inu.

Kabati ndinaigwetsa ndi chingwe. Miyendo yake inali itadyedwa ndi chiswe m'maenje muja, inangotsala m'dothi. Itagwa, zenera linaoneka, ndipo kuwala kunalowa m'chipinda koyamba m'zaka zinayi. Khoma linali lakuda. Ndinapala khoma lonse, ndinatsekera maenje, ndinafukiza, ndinapaka laimu kawiri. Zeneralo ndinalikulitsa, n'kuboola lina kukhoma loyang'anana nalo kuti mphepo izidutsa. Pansi ndinazira ndekha ndi manja anga, akazi a m'komboni akundiseka pampanda. Ndinazira mokhota. Ndinazirabe.

Penti yakale musaipale youma, ndipo musaipale m'nyumba. Fumbi lake ndi lomwe lija. A Sakala anandionetsa nzeru ya kukhitchini: chidulo chokhathamira, cha phulusa lambiri, kuposa chothira m'therere. Umanyowetsa thabwa, penti imafewa, umapala ndi phale la botolo, zopalazo n'kukwirira m'dzenje lakuya kutali ndi ana ndi nkhuku. Pansi pa penti pamatuluka mtengo weniweni. Ukauma umaupaka phula la njuchi losungunula ndi mafuta a nsatsi pang'ono, n'kupukuta ndi nsanza mpaka dzanja litatopa. Mbawa yotero imawala mofatsa, ndipo mng'alu ukabwera umauona. Penti imakongoletsa, koma imabisanso. Ine ndinaikonda chifukwa chobisacho.

Kachasu sindinasiye tsiku limodzi, ndisakunamizeni. Ndinagwa kawiri. Ulendo wachiwiri a Sakala anandipeza m'ngalande m'mawa akupita ku msika, anandithira madzi otsukira mapoto, amvekere, "Nawenso tikumasule tikuthire owira?" Kuchokera pamenepo anandipatsa ntchito yowaza nkhuni za uvuni wawo mbandakucha, kuti manja asakhale ndi nthawi. Ndinakapempha ganyu kokonza ngolo. Ine amene ndinali Bwana Mbewe ndinkagwirira ena matabwa. Zida ndinazipeza chimodzichimodzi, zakale, zina ndinasula ndekha.

Panali chinthu china chowawa kuposa kusiya mowa. Ndinayenda khomo ndi khomo kwa onse amene ndinawagulitsa katundu, chidebe chili kumanja. Ndinkati, "Ndabwera kudzatenga alendo anga." Ena ananditukwana. Akazi a aphunzitsi anandiimika padzuwa mpaka atamaliza kusinja. Koma anatulutsa mipando, ndinaimasula pabwalo pawo, iwo akuona.

Nthawi imeneyo nkhondo ya azungu inali itakula. Misomali inasowa m'masitolo, penti inasowa, matabwa ocheka anasowa. Amene ankadziwa kudzutsa chakale ndiye anali mmisiri. Ndinaphunzira kuona chinthu osati monga chilili, koma monga chingakhalire. Kabati ija sinabwererenso kukhala kabati, chifukwa nyumba ya zidina siifuna chimphona chotero. Chitseko chake chimodzi chinakhala tebulo. Matabwa a kumbuyo anakhala zotsekera mazenera awiri aja. Madilowa ndinawapachika kukhoma kukhala mashelefu, m'mwamba, kuti pansi pazisesedwa. Galasi ndinalipachika moyang'anana ndi zenera la kum'mawa, ndipo dzuwa likatuluka chipinda chonse chimayera ngati muli mazenera atatu. Bedi ndinalifupikitsa kuti lizituluka pakhomo, ndinalilumikiza ndi zikhomo za mtengo zopanda guluu kuti lizimasuka, ndinaluka pakati pake ndi zingwe za chikopa cha ng'ombe. Pamwamba mphasa, ndi thumba la masaka ochapa lodzaza makoko a chimanga. Makokowo umataya chaka chilichonse pokolola n'kuika atsopano. Mabokosi a palafini awiri anakhala mipando ya ana, yoluka ndi mlaza. Lamulo langa ndi ili: chilichonse cha m'nyumba chikhale choti mkazi mmodzi angathe kuchitulutsa padzuwa yekha. Chimene sichingatuluke chisalowe.

Uthenga ndinatuma mu 1941. Sanayankhe. Ndinatumanso. A Gabriyele anabweza mawu akuti Lusiya akadali wofooka, ndipo mtedza sunakumbidwe. Ndinakwiya, koma ndinalibe pokwiyira.

Nabanda anabwera mu 1942, chimanga chitauma, yekha, wapansi. Sanakhale pampando. Anapereka moni ali pakhomo ngati mlendo, kenaka anasolola udzu umodzi padenga. Analowa. Anapisa udzuwo molumikizira mwa bedi, uku ndi uku, n'kumauyang'ana nsonga. Anapisa pansi pa tebulo, kuseri kwa galasi, m'makona a mashelefu, m'mipando ya mlaza. Ananunkhiza thumba la makoko. Ine ndinaima panja ngati mwana wa sukulu. Zinatenga nthawi yoti munthu akadapita ku msika n'kubwerako.

Atatuluka anati, "Pansi anazira ndani?"

"Ndine."

"Zikuoneka."

Anataya udzu uja. "Ndizira ndekha Loweruka. Mwana abwera Lamlungu. Koma bambo a Lusiya, bedi lizituluka mwezi uliwonse."

"Lizituluka."

"Sindinafunse. Ndanena."

Lusiya anabwera pa ngolo yomwe ija. Anachira, koma chifuwa chake sichinabwerere mwakale. Lero ndi gogo, amakhala ku Nabvutika, ndipo nyengo yozizira ikafika amapuma ngati akukwera phiri. Sanandinenepo kanthu. Zikanakhala bwino akanandinena.

Tsono inu mumabwera kwa ine kudzafunsa kuti, a Mbewe, penti yabwino yobisa ming'alu ndi iti? Dzulo lomweli wina wandifunsa. Katundu wakale sindikukuletsani. Mtengo wakale ndi wouma, ndi wolimba kuposa zomata za m'masitolo zimene zimafufuma zikangoona madzi. Nyumba yanga yonse ndi ya zakale, ndipo ndi yokongola kuposa zanu. Koma masulani. Yang'anani m'kati. Funsani amene ankasesa m'nyumba imene chinthucho chachokera, ndipo akakuuzani, mverani, ngakhale atavala epuloni. Mkazi wanu akanunkhiza n'kukwinya mphuno, musamutume kukaphika.

Ndawerenga zimene ndinataya, ndipo ndimaziwerenga kawirikawiri. Mbuzi zitatu. Puleni, macheka, tchizulo ndi sikweya zimene ndinachoka nazo ku mishoni. Dzina langa, zaka zisanu lisanabwerere. Mkazi wanga, mvula ziwiri. Theka la chifuwa cha Lusiya. Ndi Petulo Mbewe, wa chaka chimodzi ndi theka, wa mano anayi.

Kumasula bedi lija kukananditengera tsiku limodzi.